Chete Anaphunzira Uphunzitsi pa Galasi la Amalume Ake

Tsiku limenelo Chete anatuluka m'kalasi ali ndi choko m'manja, mpaka kukafika nacho kunyumba osadziwa kuti wachigwira kkkk. Koma tisaseke kaye, zinali zomvetsa chisoni. Anali atangolephera mayeso ophunzitsa, aja oti mphunzitsi wa ku koleji amakhala kumbuyo kwa kalasi n'kumakuonerera ukuphunzitsa ana enieni. Iye phunziro lonse anayang'ana bolodi. Ana ankangoona msana, mawu osamveka, ena mpaka anayamba kusinthanitsa zolembera ngati ali pamsika. Woyesa uja anamuuza mwaulemu kuti apatsidwa mwayi wina umodzi basi, ndipo akalepheranso boma lisiya kumulipirira.

Ndifotokoze kaye kuti mumvetse. Mtsikanayu dzina loti Chete anamupatsa ndi achibale chifukwa kuyambira ali mwana ukamufunsa chinthu umachita kuyandikiza khutu. Makolo ake anamwalira ali wamng'ono, ndiye analeredwa ndi amalume ake ometa tsitsi. Masamu kwa iye anali ngati kumwa madzi, koma za koleji amalumewo sakanakwanitsa. Anangokhala m'shopu yawo kumasesa tsitsi la anthu.

Kenako boma, poona kuti aphunzitsi akuchepa ndipo amene alipo akuthawa ntchito, linayamba kulipirira achinyamata fizi, chakudya ndi pogona, bola ukamaliza ukaphunzitse kusukulu zimene ena amazikana. Chete analowa koleji choncho. Ndiye thandizolo likanatha, basitu, kubwerera ku tsache.

Nanga m'shopu yometera simudziwa kuti ndi momwe mumaweruzidwa dziko lonse? Munkabwera makaniko wina wankulu ndithu, amene ankameta ndevu zisanamere n'komwe, cholinga apeze potsutsana ndi anthu. Nyimbo yawo inali imodzi: misonkho. Ankati boma lilibe munda, ndalama zolipirira ana a koleji ndi zathu, timazidulidwa tikagula sopo, mafuta, ngakhale mayunitsi a foni, kenako anawo akamaliza amathawira kumakampani, ife n'kutsala kukamwa yasa. Chete akamva zimenezi ankangoweramira pansi ngati waba.

Ndiye tsiku lolephera lija Chete atalowa m'shopumo anawapeza makaniko ali pampando, atafunditsidwa nsalu, mutu utametedwa mbali imodzi. Ananong'oneza amalume ake zimene zachitika, koma makutu a makaniko pa nkhani za boma amamva ngakhale mashini akulira.

"Ndiye ndalama zathu zapita?" anatero makaniko.

Amalume anazimitsa mashini. "Sizinapite achimwene. Inu munalipira kale, ndiye landirani katundu wanu. Iwe Chete, aphunzitse bambowa masamu."

Chete anaima kutsogolo kwawo, anthu a pabenchi onse maso ali pa iye, iye n'kungoweramira pansi. Apa m'pamene amalume anamuululira chinsinsi cha ntchito yawo. Anati iwo zaka zonsezi kasitomala samuyang'ana pamaso, amacheza naye kudzera pa galasi, ndipo n'chifukwa chake anthu amamasuka mpaka kuwauza za m'banja. Anamutembenuzira ku galasi lalikulu lija, n'kumupatsa kachidutswa ka sopo kuti azilembera pomwepo.

Anzanga, zinatheka. Anali atawapatsa msana ngati kale, koma nkhope zonse akuziona. Anayamba kufotokoza za magawo, ndipo chitsanzo chinali mutu wa makaniko womwewo: mbali yometedwayo ndi theka, amalume akametanso pang'ono kwatsala kota kkkk. Makaniko anakwiya kuti mutu wawo wasanduka bolodi koma yankho anapereka, ndipo linali lolakwika, shopu yonse inafa nako kuseka.

Kuyambira pamenepo Chete akaweruka ankaphunzitsa m'shopumo. Amalume mashini sankazimitsanso dala, ndiye mawu akatsika anthu a pabenchi ankadandaula kuti iwo sanadulidwe msonkho kuti azimvera manong'onong'o. Mayi wina telala wa shopu yoyandikana anayamba kubwera ndi zosoka zake, akuti akufuna aone ngati boma likugula zinthu zabwino. Woyendetsa takisi wina ankangogona, koma akadzuka ankafunsa funso lomwe layankhidwa kale, ndipo amalume ankati ameneyo ndiye wofunika kwambiri chifukwa kalasi iliyonse ili naye wotere.

Mawu a Chete anakula. Koma panali vuto lomwe aliyense ankaliona osalitchula: ankalankhula ndi galasi.

Mayeso atayandikira, Chete anafika n'kupeza galasi lonse laphimbidwa ndi nsalu yofunditsa makasitomala ija. Amalume anangoti m'kalasi mulibe galasi, n'kupitiriza kumeta munthu wosadziona, munthuyo ali ndi mantha kkkk. Chete anaima moyang'ana nsaluyo, sopo ali m'manja. Palibe anaseka. Amene analankhula anali makaniko, ndipo mawu awo anali ofatsa moti anthu anachita kuwacheukira.

"Mwanawe, ndife omwe aja. Ine ndimalongolola chabe. Tatembenuka utione."

Anatembenuka. Poyamba anayang'ana nsapato zawo, kenako mabatani a malaya, kenako nkhope. Anafunsa funso, mayi telala anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu, phunziro n'kuyenda.

Tsiku la mayeso woyesa uja anakhalanso kumbuyo. Chete analemba mutu wa phunziro pa bolodi, mtima ukumuuza kuti akhale pomwepo osacheuka. Koma anacheuka n'kupereka moni, ndipo mawu anatuluka aakulu moti mphunzitsi wa kalasi yoyandikana anabwera kudzasuzumira pawindo. Nanga munthu wazolowera kupikisana ndi mashini!

Zonse zinayenda bwino mpaka mtsikana wina atapita ku bolodi n'kupeza samu molondola. Chete chifukwa cha chisangalalo anachita zomwe amalume ake amachita akamaliza kumeta munthu: anatenga chomwe chinali m'manja n'kuyamba kumusansa m'khosi ndi m'mapewa. Chomwe chinali m'manjacho ndi dasitala kkkkkk. Mwana yense mbuu! Kalasi inaphulika, Chete anangoti basi zanga zada. Koma sanathawire ku bolodi. Anapepesa mwanayo akumuyang'ana m'maso, anaseka nawo pang'ono, n'kuuza kalasi kuti aliyense wolakwa samu yotsatira asansidwa kawiri. Ana onse mitu pansi kulemba.

Pomaliza woyesa anamuitana, akupukuta misozi ya kuseka. Anati dasitala asiye, koma zina zonse asasinthe. Anakhoza.

Atamaliza koleji anamutumiza kusukulu ya kumapeto kwenikweni, komwe basi imatembenukira, komwe aphunzitsi a masamu ankangobwera teremu imodzi n'kusowa. Imeneyo ndi sukulu yathu. Zaka zomwe anagwirizana ndi boma zinatha kalekale, anzake ena anapitadi kumakampani, koma madamu athu a Chete alipobe, ndipo kalasi yathu masamu sitiwaopanso, chabwino, timawaopa pang'ono.

Wina anawafunsa kuti bwanji osapita komwe kuli malipiro abwino. Anayankha kuti sikuti sazifuna zabwinozo, ndipo tsiku lina mwina adzapita. Koma akakwera basi amayang'ana anthu, wina wanyamula mwana, wina watopa ndi ntchito, n'kumaganiza kuti aliyense wa amenewa anaponyapo kenakake pa maphunziro a madamuwo osadziwa. "Sindingawazungulire onse kukathokoza," anatero. "Koma ana awo ndi inuyo, ndipo muli pompano."



Ndiye zikomo inu nonse amene mumadulidwa misonkho mukudandaula. Zoona zimapweteka, ndipo kulipirira aphunzitsi n'kodula, koma ife tikuona kumene zina zimathera. Ndipo iwe amene wagwa mayeso, kapena ukudziona ngati ukungowonongetsa anthu ndalama, mtima usagwe mnzanga. Pali anthu ambiri akukuyembekezera kuposa amene ukuwadziwa. Dzuka ukayesenso.