Galu wa ku Chinengundu

Anzanga, zimene ndikuuzenizi si nkhambakamwa ayi, ndinamirenji ine mayi wamasiye amene ndimadya ndekha kuno ku Waverley, ku Kadoma? Zinachitikira mwamuna wanga, ine ndikuona ndi maso angawa.

Bambowo anapita kumaliro ku Chinengundu, ku Chegutu, ndipo akupita kokakwera kombi masanasana, galu anatulukira pampanda n'kuwaluma pakatumba, osauwa n'komwe. Mwini galuyo anapepesa, ndipo anzawo a pamaliropo, ana a anthu a m'migodi ochokera ku Malawi okhaokha, anachita zomwe makolo athu ankachita m'makomboni: anameta ubweya wa galuyo, kuutentha, n'kupaka phulusa lake pabala. Anagwirana chanza, nkhani n'kuthera pomwepo.

Atafika kunyumba ndinawauza kuti tikanene kupolisi, tipite kuchipatala, galuyonso akamuone. Mukudziwa anandiyankha chiyani? Akuti munthu wa chitupa cholembedwa kuti ndi mlendo sadzipereka yekha kupolisi, umalowa ndi nkhani ya galu n'kutuluka ndi nkhani ya kwanu. Kwanu kutiko, munthu wobadwira pamgodi, woti Malawi sanamuonepo ngakhale pawindo la basi? Koma mantha amenewo anachita kuyamwira, ndipo ndikalimbikira ankangoti, “Mayi, zisiyeni, zvichapera, zitha zokha.” Ndinakalipa, ndinalira, bala linapola, wopusa n'kukhala ine.

Patapita milungu anayamba kudandaula kuti mwendo ukuyabwa mkati, kenako mutu, kenako thupi kutentha. M'mawa wina ndinawapatsa madzi m'kapu, ndipo munthu amene ndinakhala naye zaka zonsezo anakuwa n'kudziguguda kukhoma, khosi litauma, maso ali pakapupo ngati muli njoka. Ludzu anali nalo, madziwo ankachita kundipempha, koma ndikayandikira nawo ankanjenjemera thupi lonse. Sindinaopepo chinthu ngati tsiku limenelo. Oyandikana nawo nyumba anasuzumira kamodzi, n'kuyamba kunong'onezana kuti izi n'zamankhwala a ku Malawi, ndipo palibe anapondanso pakhomo. Ana athu anali ku Joni, choncho pakombi ya kuchipatala ndinawakweza ndekha.

Kumeneko anati ndi chiwewe, ndipo tachedwa. Namwino anandiuza kuti ndikanenebe kupolisi ku Chegutu, poti mwina galuyo analumanso ena. Ndinapita, chitupa changa, nachonso cha mlendo, chili m'manja. Wapolisi anandifunsa malo ndi maonekedwe a galuyo, kenako anaika cholembera pansi. Anati galuyo anaphedwa kalekale atalumanso mwana wasukulu, mwanayo anabayidwa jakisoni ndipo ali bwinobwino. Anati iwo anayenda khomo ndi khomo kufunafuna bambo wina amene analumidwa tsiku la maliro kuti nayenso akabayidwe, koma anzake onse anakana kuti sakumudziwa. Anzakewo ankamubisa poopa nkhani ya chitupa chake, ankati akumuchitira zabwino. Za chitupa changa wapolisiyo sanafunse n'komwe, ine nditaima pamenepo kudikira kuti afunse.

Nditabwerera kuchipatala ku Kadoma ndinapeza bambowo atamwalira, pabedi pawo atagonekapo kale wodwala wina.

Lero ndimakhulupirira kuti galu uja anangoluma mwendo, koma chimene chinandilanda mwamuna ndi mantha amene makolo athu anatisiyira pamodzi ndi chilankhulochi. Inu anzanga, galu akakulumani, ngakhale kukukandani chabe, ubweya wake usiyeni, pitani mukanene tsiku lomwelo. Wapolisi akafuna kufunsa za kwanu afunse, mudzamuyankha muli moyo.