Wapolisi wa pa Kanema Sanafike ku Nathenje

Lero mwana wanga wandionetsa pa foni mzungu uja ankasewera ngati wapolisi wa ku Mangalande. Mutu wonse ndi imvi.

Ndakumbukira tsiku lina ndili mwana. Mvula inkawaza, malata a magolosale akulira. Bambo anali asanabwerere chipitire ku esiteti ya fodya. Anyamata a kuvidiyo anandiuza kuti, "Iwe, wapolisi wako uja wopeza aliyense wotayika akubwera lero. Ukamuuze za abambo ako."

Ndinaima pamsewu ndi chipewa cha bambo kuti ndimuonetse, ndikuyang'ana njinga yamoto iliyonse poti pa kanema ankayendera yotero. Anyamata aja ankaseka pakhonde.

Amayi anandipeza nditanyowa, ndikunjenjemera. "Uja ndi wa sewero chabe, mwanangu. Tiye kunyumba." Anatenga chipewacho, nachinunkhiza, nayamba kulira.

Anyamatawo ndinawakhululukira.