Voti ya Adada

Adada anasiya kuona chaka chimene ndinabwerera kwathu ku Magodi ukwati wanga utatha. Ng'ala inayamba diso lakumanzere, kenako inagwira linalo. Kuyambira pamenepo, kulikonse kumene ankapita ndinkagwira ndodo yawo kutsogolo, iwo atagwira kumbuyo. Kukhola kokha ndi kumene sankandifuna. Ankalowamo okha m'mawa n'kumasisita ng'ombe zawo imodziimodzi, ndipo ankatuluka akudziwa kuti iti sinadye bwino, iti ili ndi nkhupakupa m'khutu.

Nkhupakupazo ndi zimene zinkawadetsa nkhawa. Dibi la m'dera lathu, momwe ng'ombe zinkasambira mankhwala, linali litang'aluka, madzi osakhalamonso. Choncho masankho atayandikira, Adada analibe nkhani ina koma dibi.

Pampando wa khansala panali anthu awiri amene tinkawatchula. Wina anali mdala wopuma ntchito yoona za ziweto. Ankayenda pa njinga, ndipo kulankhula kwake kunali kogonetsa, abale inu. Dibi, dibi, dibi, mpaka amayi kuyamba kusenda mtedza pamsonkhano. Winayo anali wogula fodya, mwamuna wonenepa bwino, wa galimoto yokhala ndi chimkuzamawu pamwamba. Ameneyo anatigawira zitenje, n'kulonjeza kalabu yathu ya amayi kuti atigulira chigayo.

Ine ndinali wapampando wa kalabuyo, ndipo ndinamuimbira nthungululu mpaka mawu kusasa. Musandiweruze msanga. Chigayo chapafupi chinali kutali moti ukanyamuka m'mawa ndi thumba pamutu unkabwerako dzuwa litapendeka, khosi litauma gwa. Adada sanasenzepo chimanga moyo wawo wonse. Akamanena za dibi ndinkalusa mumtima, ndikumati ng'ombe amazimvera chisoni, nanga khosi langali ndi la ndani?

Tsiku lovota kunali mphepo ya mu Ogasiti, fumbi lokhalokha. Pasukulu pomwe tinkavotera anatilowetsa kutsogolo chifukwa cha ukalamba wa Adada. Mayi woyang'anira, mphunzitsi wochokera ku Chipata, anawafunsa kuti akufuna awathandize ndani kulemba.

"Mwana wangayu," anatero Adada.

Tinalowa m'kachipinda kobisika kovoteramo tili awiri. Mapepala enawo ndinalemba mmene anandiuzira. Nditafika pa la khansala anandiyandikira n'kunong'ona.

"Wa dibi, mama. Wanjinga uja."

Ndinayang'ana nkhope ya mdala wanjingayo papepala. Ndinayang'ananso ya wafodya. Cholembera chinapita pa wafodya.

"Walemba?"

"Ndalemba, Adada."

"Yewo," anandithokoza.

Ndinapinda pepala, ndinawagwira dzanja, tinaliponya m'bokosi limodzi. Kenako ndinakavota yanga, kwa wafodya yemweyo. Ndisaname, tsiku limenelo sindinamve kulakwa kulikonse. Ndinkaona ngati ndawakonzera zinthu, monga ukamuchotsera mwana mpeni m'manja. Pobwerera ndinawagulira mandasi, ndipo anadya akuseka.

Wafodya anapambana. Anabwera kamodzi kudzajambulitsa nafe pamalo amene tinalambula kuti padzakhale chigayo, ife titavala zitenje zake, manja m'mwamba ngati zitsiru. Kenako anasamukira ku boma, foni yake n'kusiya kulira. Tikatuma munthu, ankabwerako ndi yankho loti abwana ali kumsonkhano. Pamalo pa chigayo paja panameranso udzu, ndipo ine ndinapitiriza kusenza.

Dzinja lachiwiri matenda analowa m'makola. Ng'ombe inkayamba kutupa m'munsi mwa khutu, kusiya kudya, thovu kumphuno, masiku ochepa yagona. Adada ndi amene anayamba kuzindikira, ndi zala zawo. Anatuluka m'khola tsiku limenelo n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango. Yoyamba kufa inali imodzi mwa ziwiri zolimira. Tinayesa kupopera ndi mankhwala ogula m'timabotolo, koma zinkangotsatana. Mvula isanathe m'khola munatsala yaikazi imodzi yokalamba. Chaka chotsatira tinalima ndi makasu, theka la munda n'kulisiya thengo.

Chisoni cha Adada chinatulukira pakamwa. Aliyense wobwera kudzadandaula za ng'ombe zake ankakumana nazo.

"Mukulira chiyani? Munamusankha nokha. Tengani zitenje zija muzimange pajoko zikulimireni."

Ine ankandinyodola tsiku lililonse. Ndikabwera kuchigayo nditatopa, ankafunsa mokoma kuti, "Wabwera msanga bwanji, mama, chigayo chanu chayamba kugaya?" Ndiye ankamaliza ndi mawu amene ndinafika podana nawo: "Iwe voti yako unagulitsa. Yanga inapita kwa munthu. Ine dzanja langa ndi loyera."

Akatero ndinkangolowa m'khitchini n'kumagwetsa ziwiya dala. Ndinkapsa mtima, inde, koma ndinkadziwa bwino amene ndikumupsera. Kangapo ndinatsegula pakamwa kuti ndinene. Ndinkawayang'ana atakhala potero, ng'ombe zapita, maso apita, chatsala n'choti iwo sanalakwe, ndiye ndinkatseka pakamwa. Ndinkadziuza kuti ndikuwamvera chisoni. Zoona zake ndinkaopa.

Adada anali ndi mnzawo wa paubwana, mdala wa mudzi woyandikana nafe. Ankabwera madzulo alionse kudzasewera nawo nsolo, ndipo Adada ankapapasa mabowo ndi zala n'kumamudyabe. Mdalayo anali atathamanga kwambiri ndi wafodya nthawi ya masankho. Tsiku lina ali pansolo anangodandaula kuti nayenso ng'ombe zamuthera. Adada anagubuduza nsolo yonse.

"Ng'ombe zanga wapha ndiwe ndi anzako. Usadzapondenso pakhomo pano."

Ine ndinali pompo, ndikupeta. Mdalayo anandiyang'ana ngati akuti ndimulankhulire, poti tinkavina limodzi pamisonkhano. Ndinaweramira lichero. Anatola chipewa chake, n'kukankha njinga osakwera. Sanabwerenso, ndipo patatha chaka anamwalira asanalankhulanenso. Kumaliro Adada anapita, ine ndikuwatsogolera, koma anakhala patali, ndipo atapemphedwa kuti anenepo mawu monga mnzake wa malemu, anakana.

Zaka zisanu zinatha, masankho ena anafika. Mdala wanjinga anali atakalamba, sanaimenso. Wafodya anatulukira ndi galimoto ina, zitenje zina, ndipo amayi ena anavinanso, mwandimva? Anavinanso! Ine ndinali nditasiya za kalabu. Chitenje chimene anandibweretsera ndinachibweza, ngati kuti zimenezo zikanadzutsa ng'ombe.

M'mawa wa tsiku lovota Adada anavala jekete yawo yakutchalitchi. Tinadzera njira yapadambo, ine kutsogolo, iwo kumbuyo. Anali osangalala, akundiuza amene akumufuna ulendo uno. Kenako anati, "Ukalembe bwino ngati paja, mama."

Miyendo yanga inangoima yokha, iwo mpaka kundigunda kumsana.

"Adada, paja sindinalembe wa dibi."

"Wati bwanji?"

"Pepala lanu ndinalemba wafodya."

Mphepo inkaomba, anthu akutidutsa pa njinga n'kumatipatsa moni, koma Adada sanayankhe aliyense. Ine ndinayamba kulongolola. Ndinanena za khosi langa, za thumba, za mtunda wa kuchigayo. Ndinati ngakhale ndikanalemba wanjinga, wafodya akanapambanabe, voti imodzi sikanasintha kanthu.

"Aliyense m'mudzi muno akunena zomwezo," anatero.

Ndinkafuna andikalipire, anditukwane, ngakhale kundimenya ndi ndodoyo ndikanalandira. Koma anafunsa motsitsa, ngati akufunsa njira.

"Ndiye mnzanga uja ndinamuthamangitsira chiyani?"

Ndinagwada pafumbi pomwepo ndikulira, ndikupepesa. Anandisiya ndilire kwa kanthawi, kenako anagwedeza ndodo.

"Dzuka. Tiye."

Ndinadzuka, ndinagwira ndodo, tinayenda mtunda wotsalawo. Pasukulu woyang'anira anali wina, bambo wachinyamata amene sitinkamudziwa. Anawalonjera mwaulemu, n'kuwafunsa ngati mayi ali nawowa ndi amene awathandize.

"Yayi," anakana Adada. "Mundithandize inuyo. Uyu adikire panja."

Anthu a pamzere anamva. Ena anandiyang'ana, ena anayang'ana pansi. Ndinatuluka n'kukaima pazenera, ndipo ndinawaona Adada atagwira mkono wa mlendoyo, akumunong'oneza m'khutu. Ine ndinavota pambuyo pake, ndekha, ndipo ndinakhala nthawi yaitali m'kachipinda kaja moti anachita kundifunsa ngati ndili bwino.

Amene anapambana ulendo umenewo sindimutchula, palibe chimene chasintha choti ndikanene. Dibi likadali long'aluka. Adada ali moyo, akalamba kwambiri, ndipo tikukhalabe nyumba imodzi. Nkhani ija sanaibwerezepo, ngakhale kwa achimwene anga. Anasiya kukalipira anthu za masankho. Wina akayamba zandale pakhomo pathu, iwo amangoti atopa akufuna kugona. Kundinyodola kuja nakonso kunatha, ndipo ndimakusowa, chinthu chimene sindinkayembekezera.

Amadya zimene ndaphika, amathokoza, ndikawagwirira ndodo amanditsatira. Koma chaka chatha kuchipatala anawapeza ndi kuthamanga kwa magazi, n'kuwapatsa mapiritsi akumwa m'mawa uliwonse. Ndimawaikira m'dzanja, kapu ya madzi pambali. Samwa. Amafumbata mapiritsiwo n'kumadikira mpaka mlamu wanga, mkazi wa achimwene, atulukire pabwalo, ngakhale achedwe bwanji. Akamva mapazi ake amatambasula dzanja n'kumufunsa, ine ndili chiimire pompo, kuti, "Taona, mama, ndi omwewo?"