Munandiumitsa Mabere, Lero Mukuti Zitini Zatha

Munandiuza ndinu kuti ndisamuyamwitse mwanayu. Inu a pachipatala chaching'ono cha kuseri kwa esiteti yathu. Munanditengera m'kachipinda, n'kutseka chitseko, n'kundilonjeza mkaka wa m'chitini mpaka mwana atakula. Ine ndinamvera. Lero mwana ali ndi miyezi itatu, mabere anga munawaumitsa, ndipo mukuti zitini zatha. Ndiye adye chiyani? Masamba a tiyi?

Ndine wothyola tiyi, ndimakhala kumalayini a pa esiteti. Dzina sindilemba, koma si chifukwa cha manyazi. Manyaziwo anesi anandivula kale pakhonde Lachitatu, anthu onse akumva. Ndiye imvani nkhani yonse kuyambira pachiyambi.

Ndili ndi pakati pa Luka ndinayamba sikelo pachipatalapo. Anatiuza kuti tiyezetse magazi. Ndinayezetsa, anandipeza ndi kachilombo. Bambo a Luka nawonso anawapeza nako. Tinalira, kenako tinapukuta misozi n'kupangana chinthu chimodzi: ife zatigwera, koma mwanayu asatengere.

Anesi a nthawi imeneyo anali mayi ofatsa, odziwa kulankhula ndi munthu. Anandiuza kuti kachilombo kamatha kudzera mumkaka wa m'mabere, ndipo njira zilipo ziwiri. Ina, bere lokhalokha miyezi isanu ndi umodzi, osampatsa ngakhale dontho la madzi. Ina, chitini chokhachokha. Anabwereza mpaka ndinaloweza kuti choopsa kwambiri n'kusakaniza. Anati mwana amene akumwa za m'chitini asadzakhudzenso bere, chifukwa m'matumbo mwake mumakhala mosalimba, kachilombo sikavutika kulowa.

Bere lokhalokha ndikanalikwanitsa bwanji? Wothyola amalowa m'munda kusanache bwino, amatuluka masamba akapimidwa. Mwana amatsala kumalayini, ndipo akalira, amene wamusiyira amampatsa timadzi kapena kaphala. Ndiko kusakaniza kuja. Choncho ndinayang'ana kuchitini. Koma ine si wopusa, ndinafunsa. Ndinati malipiro anga ndi a bambo ake sangagule mkaka umenewu, nanga wanuwu ukadzatha? Anesi anaseka n'kundigwira paphewa.

"Musade nkhawa, mayi. Zimenezi amatitumizira abwenzi akunja. Sizitha."

Mawu amenewo ndimawamvabe mpaka lero.

Luka atabadwa, mkaka unabwera wambiri, wokwana mapasa. Anandiuza kuti ndimange mabere ndi chitenje zolimba mpaka aphwe. Amene sanamangepo sangadziwe ululu wake. Mabere anauma gwa, thupi kutentha, mwana ali pambali panga akusakasaka ndi kakamwa kake. Ululu ukanyanya ndinkapita kuseri kwa bafa n'kufinyira pang'ono pansi. Nyerere zinkamwa mkaka wa mwana wanga, ine ndikuyang'ana.

Ndiye panali bodza. Kumalayini kulibe chinsinsi, khoma lako ndi la mnzako lomwe. Kwathu kuno mwana akangoti ng'aa, aliyense wodutsa amati mpatseni bere mwanayo. Ndinkayankha kuti ndili ndi nthenda ya m'mabere. Amayi anga atabwera kuchokera ku Khonjeni kudzanditulutsa m'chikuta, anandikalipira mu Chilomwe kuti mwana wa munthu samwera m'kapu ngati kamwana ka mbuzi kamasiye. Anandifunira mizu yobweretsa mkaka. Ndinawathokoza, mizuyo n'kukaitaya kudzala. Zitini ndinkazinyamula pansi pa dengu, pamwamba n'kuphimba ndi chigwada. Nkhuni zowiritsira madzi zinkatha ngati tili ndi maliro. Zonsezi ndinapirira, ndipo Luka ananenepa. Ndikamuyang'ana ndinkati ndinasankha bwino.

Sabata yatha chitini chomaliza chinayamba kuoneka pansi. Lolemba linali tsiku langa lolandira, ndinalawirira. Ndinapeza chitseko chili chotseka. Alonda anandiuza kuti onse apita ku semina, ndibwere Lachitatu. Ndinawafunsa ngati njala ya mwana nayonso ipite ku semina. Anangotambasula manja. Iwo ndi alonda, sindiwaimba mlandu.

Ndinabwerera n'kuyamba kuchita chimene anatiletsa, kuchulukitsa madzi. Pofunika timasipuni tinayi ndinkathira tiwiri, kenako kamodzi. Luka ankamwa, n'kundiyang'ana, n'kuyambanso kulira. Bambo ake anabwereka njinga n'kuthamangira ku Goliati. Chitini anachipeza m'golosale, koma mtengo wake ndi thukuta langa la sabata yathunthu, ndipo malipiro anali kutali. Anadzera pachipatala china cha m'njira, kumeneko anawauza kuti amapereka kwa okhawo amene anayambira sikelo kwa iwo. Anabwera ndi timapaketi ta mkaka wothira mu tiyi. Mwana anamwa, mimba n'kutseguka.

Lachitatu ndinakapempha kwa akapitawo chilolezo chopita kuchipatala. Anati ino ndi nyengo ya masamba ambiri, wojomba alibe tsiku. Ndinati dulani. Ndinafika pachipatala isanakwane seveni koloko, ndinapeza amayi adzaza kale pabenchi. Linali tsiku la sikelo ya ana, theka la malayini athu linali pomwepo.

Luka anayamba kulira. Si kulira kwa mwana wokhuta kuja ayi, koma kosasa mawu, kodukizadukiza. Amayi a kumanja kwanga anati mpatseni bere. A kumanzere anati mpatseni bere. Wina kumbuyo anati atsikana a masiku ano akuopa kugwetsa mabere. Onse anali atatulutsa awo, ana awo akuyamwa mwamtendere. Ine ndinangoweramitsa mutu n'kumamugwedeza.

Anesi anatulukira cha m'ma teni. Si aja ofatsa aja. Amenewo akuti anasamutsidwa mwezi watha, ndipo palibe anatiuza. Awa ndi atsopano, ochokera kutali, nsapato zogogoda. Sindinadikire kuitanidwa. Ndinapita pakhomo n'kuwanong'oneza kuti ndine mmodzi wa olandira mkaka, ndikupempha tilankhule mkati. Ananditembenukira ali pakhonde pomwepo, ndi mawu oitanira munthu wa kutsidya la mtsinje.

"Ndinu a zitini aja? A kachilombo aja? Zitini zinatha, mayi. Pulojekiti inatseka."

Onse a pabenchi anatembenukira kwa ine. Ngakhale ana anakhala ngati amva. Miyezi yonse yonama ija, chigwada chophimbira chija, mizu ya amayi anga ija, zonse zinathera pakhonde limenelo. Anesi inu, kusukulu yanu ya unamwino sanakuphunzitseni kutseka chitseko? Kapena chitseko chimatsekedwa pokhapokha mukamalonjeza?

Ndinameza malovu, chifukwa sindinabwerere ulemu, ndinabwerera mkaka. Ndinawatsatira mkati. Ndinafunsa kuti pulojekitiyo inatseka liti, nanga bwanji osatichenjeza tikadali ndi mkaka m'mabere. Anati iwo angobwera kumene, zakale sakuzidziwa. Ndinapempha ngakhale chitini chimodzi chotsalira, ngakhale chotsegula kale. Anati musitolo mulibe, ndipo makiyi ali ndi wina amene sanabwere. Ndinawafunsa kuti akudziwa bwanji kuti mulibe ngati makiyi alibe. Anati ndisawaphunzitse ntchito.

Kenako anandiuza, akulemba zina osandiyang'ana, kuti masiku ano akulimbikitsa kuyamwitsa, ndiye ndingobwerera kubere. Anandilozera chithunzi cha pakhoma, mayi wonenepa akumwetulira, mwana ali pabere. Ndinamasula bulauzi pomwepo n'kuwaonetsa. Ndinafinya iwo akuona. Panalibe kanthu.

"Awa ndi amene munandiuza kuti ndimange. Ndibwerere kuti?"

Anati ndikamuika pafupipafupi mwina mkaka ubwerera. Mwina. Ndinawakumbutsa za kusakaniza, kuti anzawo anandiuza kuti mwana wa chitini akakhudza bere ndamupereka ndekha kwa kachilombo. Ndinafunsa ngati zimenezo zinali zabodza, kapena zasintha, kapena kachilomboko nako kanatseka limodzi ndi pulojekiti. Yankho lawo linali lakuti si iwo amene anandiuza zimenezo. Ndinati chabwino, ndiuzeni zanu. Anati ngati ndikuopa bere ndimupatse phala. Phala, mwana wa miyezi itatu wotsegula m'mimba. Ndinawagwiritsa pa liwombo lake kuti amve mmene lalowera. Anandipatsa kapaketi ka mchere ndi shuga kosungunula m'madzi, n'kuitana wotsatira.

Potuluka ndinaona chinthu chimene sindinachionepo masiku onse aja. M'mbali mwa khonde munali zitini za mkaka zakale, zondandalikidwa bwino, mwadzalidwa maluwa. Maluwawo anali othiriridwa m'mawa womwewo. Pachipatala chimenechi maluwa ali ndi wowakumbukira.

Ndinadutsa pabenchi osayang'ana munthu. Ndinalowa kanjira ka m'munda wa tiyi kuti ndisakumane ndi aliyense, koma ndinamva mapazi kumbuyo. Anali a Nangondo, oyandikana nawo khomo, amene timathyola gulu limodzi. Ndi omwe aja ankandinena kwambiri za bere. Ndinakonzeka kumva chipongwe. Anandipeza pa mitengo ya bulugamu, mwana wawo ali kumsana. Kenako anatambasula manja.

"Bweretsani kuno mwanayo, asisi. Anga ali ndi mkaka wambiri. Mwana wa mnzako ngwako yemwe."

Ndinalira pomwepo, kulira kumene ndinakubisa pamaso pa anesi. Luka anali atamva kale fungo la mkaka, akutembenuzira mutu kwa iwo. Manja anga anayamba kumupereka okha. Koma ndinakumbukira amuna awo, mmene anawondera chaka chatha, mmene anakhosomolera mpaka tinakawaika. Ndinawafunsa ngati anayezetsa. Anayang'ana pansi.

"Ndimaopa," anatero.

Tinaima choncho amayi awiri pakati pa tiyi wobiriwira mpaka kumapiri, wina ali ndi mkaka wosadziwika, wina ali ndi mabere ouma odziwika. Ndinawathokoza, n'kumukumbatira mwana wanga. Sanakwiye. Anandiperekeza mpaka pakhomo, madzulo n'kundibweretsera mtedza ndi thobwa kuti mwina mkaka ungatsike. Mayi amene sanapite kusukulu ya unamwino anandiperekeza. Inu simunadzuke n'komwe pampando.

Tsiku lomwelo ndinakhala pamkeka, bambo a Luka ali pakhomo atagwira mutu. Ndinawafunsa kuti titani. Anati iwo mutu waima, chimene ndisankhe ine sadzandiimba nacho mlandu. Ndinamuyang'ana Luka. Kachilombo mwina kadzamupeza, mwina ayi. Njala inali itamupeza kale. Ndinamasula bulauzi n'kumuika pabere kwa nthawi yoyamba chibadwire.

Sanadziwe kagwiridwe kake. Anazolowera kapu. Analavula, analira, ndinamubwezera. Anakoka, ndinamva kuwawa mpaka kumsana, koma kunalibe kanthu. Ndinapitiriza, ndikumupatsako madzi a paketi aja ndi kasipuni, ndi timkaka ta mu tiyi tosungunula, chifukwa bere louma silingamusunge. Ndiye kuti ndikusakaniza, chinthu chomwe chija munandilowezetsa kuti chimapha. Ndikuchita ndikudziwa. Dzulo ndinaona kadontho koyera pakona pa kamwa lake. Amayi ena akaona mkaka amasangalala. Ine ndinagwidwa ndi mantha, chifukwa sindikudziwa chimene chili m'kadontho kameneko.

Amayi anzanga a m'malayini, a ku Khwethemule, a ku Khonjeni ndi kwina konse, kuyezetsa yezetsani, ine sindikudandaula kuti ndinadziwa. Koma wina akakuuzani kuti mumange mabere chifukwa zitini sizitha, mufunseni kuti iye adzakhalapo mpaka liti. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Wanga anali pamphuno. Ndinamutaya ndekha kuseri kwa bafa chifukwa ndinakhulupirira yunifolomu yoyera.

Ndipo inu akuluakulu oyang'anira chipatala chimenechi, ndikudziwa kuti si ine ndekha. Tinkakumana Lolemba lolandira, aliyense ndi dengu lake lophimba, osapatsana moni. Amenewo ana awo akumwa chiyani sabata ino? Munadziwa liti kuti mkaka ukutha? Ndani anaganiza kuti ana amene anayamba kale chitini angosiyidwa panjira? Sindikufuna kupepesedwa. Za pakhonde zija ndazimeza, malayini onse akudziwa tsopano ndipo sindinafe nazo. Ndikufuna mkaka wa mwana wanga mpaka afike poyamba phala, monga munalonjezera. Ngati mulibe, tumizani munthu mmodzi wodziwa, abwere adzandiyang'ane m'maso andiuze zoona.

Ndikulemba izi ndi dzanja limodzi. Linalo lagwira Luka, ali pabere pompano, akukoka ndi mphamvu zake zonse, maso ali pa ine. Akundikhulupirira monga ine ndinakukhulupirirani inu. Ndiuzeni, ndimusiye ayamwe kapena ndimuchotse?