Zimene Adamufunsa Felesiya pa Khonde la Chipatala

Ndikulemba nkhaniyi chifukwa mawu a pakamwa amauluka, ndipo anthu amene adalakwa ayamba kale kunena kuti sakukumbukira. Ndikufuna kuti akuluakulu oyang'anira zipatala m'boma lino aiwerenge. Ndikufunanso kuti amayi anzanga a ku Mitundu ndi ku Nathenje aimve asanaperekeze ana awo kumene ine ndidaperekeza wanga. Chipatalacho sindichitchula dzina. Eni ake adzizindikira okha.

Ndine Mayi Edina Kamwendo, mphunzitsi wa pulayimale. Ndidapita ku koleji, ndipo ndakalambira pa bolodi. Ndinenetu poyamba kuti sindikutsutsa boma. Khadi la chipani ndili nalo, ndipo tsiku limenelo ndidalionetsa pachipata monga aliyense. Boma lomweli ndi limene lidalengeza pa wailesi kuti kulera tsopano n'kololedwa. Ine ndikutsutsa anthu amene adapatsidwa ntchito yothandiza amayi, iwo n'kuisandutsa chionetsero.

Felesiya ndi mwana wa malemu mng'ono wanga. Mayi ake tsopano ndine. Ali ndi ana anayi, ndipo woyamba sanayambe n'komwe sukulu. Adatumbiza kawiri: wina akadali kubere, mimba ina yabwera. Pobereka womaliza, dzina lake Chikondi, adataya magazi ambiri mpaka tidathamangira naye ku chipatala chachikulu ku Lilongwe. Dokotala wa kumeneko adalankhula ine ndili pomwepo. Adati, "Mayi, thupi ili lipume zaka zingapo. Mimba ina ikabwera msanga, ine sindikulonjezani kanthu."

Mwamuna wake, Laisoni, amagwira ntchito pa esiteti ya fodya cha ku Mchinji. Asananyamuke adabwera kwathu. Sadalowe m'nyumba. Adanjuta panja pa khomo, nkhope itayang'ana kumbali, monga amachitira mkamwini waulemu polankhula ndi apongozi ake. Adati, "Amayi, zimene adanena adokotala zija ndazimva. Mumuperekeze ndinu ku za kulera ndisanabwerere. Ine ndikapita kumeneko anzanga adzandiseka." Mawu amenewa ndidawamva ndi makutu anga, ndipo ndingawabwereze pamaso pa wina aliyense.

Tidapita tsiku la sikelo, Chikondi ali kumbuyo. Tidafika chitseko chisanatsegulidwe. Amayi adali atadzaza khonde lonse, ena atakhala pansi pa mtengo. Patapita nthawi kudatulukira bambo wina wovala ovolosi, amene ntchito yake n'kusesa ndi kuitana anthu. Ndidamva akumutchula kuti a Jailosi. Adaomba m'manja ngati akuitana nkhuku, n'kunena mokweza kuti, "Amene mwabwerera za kulera, imirirani. Kakhaleni pa benchi ilo."

Benchilo lili kumapeto kwa khonde, ndipo lidayang'ana kumsewu, kumene amayi amagulitsa tomato ndi mandasi. Aliyense wodutsa pa njinga amaliona. Ndidaona amayi angapo akuyamba kudzuka, kenako n'kukhalanso pansi ngati amangokonza chitenje. Tidakakhalapo awiri okha, ine ndi Felesiya. Kodi m'chipatala chonsecho mulibe chipinda? Kodi benchi limenelo lidamera lokha pamenepo ngati bowa?

Tisanathandizidwe, anamwino, Mayi Tembo, adaitana Chikondi kuti amuyeze. Adamupachika pa sikelo, n'kukuwa ngati akulengeza kwa anthu a kutsidya la mtsinje: "Mwanayu akutsika. Onani masaya atupawa. Mukumudyetsa chiyani, mayi inu?" Sadadikire yankho. Tidabwerera pa benchi lathu.

Tidakhala pamenepo mpaka dzuwa lidadutsa pamutu. Sindine munthu wosuzumira za eni, koma maso alibe mpanda. Kuchokera pa benchilo khomo la kuseri limaoneka. Ndidaona akazi a alangizi a zaulimi akulowera kumeneko, okha, atapachika chikwama pamkono. Sadakhalitse. Adatuluka akutseka chikwamacho, anamwino akuwaperekeza n'kumaseka nawo. Patapita kanthawi adalowanso mayi wina wovala nsapato zazitali zidendene, nayenso yekha. Ndidangozisunga mumtima.

Kenako adatuluka a Chidothi, amene anthu a kuno amawatchula kuti adokotala. Sadatiitanire m'kati. Adaima pa khonde pomwepo, dzanja lina lili m'thumba la gauni lawo loyera.

"Wolera ndi uti? Agogowa kapena mtsikanayu?"

Ena adaseka. Ine sindidaseke. Felesiya adakweza dzanja pang'ono.

"Amuna anu ali kuti?"

"Ali ku esiteti," adayankha chapansipansi.

"Kwezani mawu, mayi. Kuno sitinong'onezana."

"Ali ku esiteti ku Mchinji."

"Adapita liti?"

"Mvula isanayambe."

Apa a Chidothi adatembenuka. Sadayang'anenso Felesiya. Adayang'ana mzere wonse wa amayi a sikelo, ngati mphunzitsi amene wapeza chitsanzo chabwino. Adati, "Mwamva? Amuna ali ku esiteti, amayi akufuna mapiritsi. Ndiye mukulera ndi yani?"

Khonde lonse lidaseka. Kusekako kusanathe, a Jailosi, atatsamira tsache lawo, adaonjezera: "Ndiye chifukwa chake mwana akutupa."

Kuseka kudathera pomwepo. Kwa akuluakulu amene mudakulira m'tauni, ndifotokoze. Kuno kwathu mwana woyamwa akayamba kuwonda ndi kutupa, anthu amati ndi tsempho, kutanthauza kuti mmodzi mwa makolo ake wayenda kunja kwa banja. Ine sindikhulupirira zimenezo. Ndikudziwa kuti Chikondi amatupa chifukwa mkaka udali wochepa m'thupi la mayi wotopa. Koma mudzi suyendera zimene Mayi Kamwendo amakhulupirira. A Chidothi adafunsa funso, a Jailosi adapereka umboni, ndipo mlandu udagamulidwa pa khonde la chipatala mwana wanga asanatsegule pakamwa kuti adziteteze. Onse awiri ndi anthu a kuno. Asandiuze kuti sadadziwe chimene mawu awo adzabereke.

Ndidaimirira. Ndidati, "Bambo, ine ndine mayi ake. Mwamuna wake adavomera pamaso panga, ndipo ndiye adandituma."

Adati, "Amayi aphunzitsi, kuno si kusukulu. Lamulo likuti mwamuna abwere yekha, adzavomere ndi pakamwa pake."

Ndidati, "Ngati lamulo lili choncho, mukadatiuza m'mawa, m'chipinda, ndi mawu awiri. Tikadabwerera mwaulemu. Ndionetseni lamulolo."

Adati lili ku ofesi ku tauni.

Ndidati, "Nanga amayi awiri amene alowera kuseri aja? Amuna awo adali m'chikwama?"

Nkhope yawo idasintha. Adasendera pafupi, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo adatsitsa mawu. Adati, "Amayi, samalani kalankhulidwe. Mafunso otere amafikitsa anthu patali." Choncho kunong'ona amakudziwa. Adangosankha kuti akusungire chiopsezo, osati ulemu wa wodwala.

Adalowa, n'kutseka chitseko. Sitidalandire kanthu. Ndidayang'ana kumsewu. Mmodzi mwa ogulitsa tomato aja adali Nangozo, mlongo wake wa Laisoni. Adali akuvindikira dengu lake ndi nsalu, tomato asanathe. Munthu wa malonda sasiya msika dzuwa likadalipo popanda chifukwa. Adatipenya kamodzi, n'kusenza dengu, ulendo. Felesiya adandigwira dzanja. Adati, "Amayi, kwatha."

Uthenga udafika ku Mchinji mofulumira kuposa basi. Laisoni adabwera fodya asanathe kusankha. Sadabwere kudzavomera kuchipatala. Adabwera kudzaitanitsa ankhoswe. Ndidakhala nawo pa zokambiranazo, ndipo ndidanena zonse monga ndalembera pano. Atamufunsa ngati n'zoona kuti adandituma, adayang'ana abale ake, adayang'ana Nangozo, n'kuti, "Ine sindidanenepo zimenezo." Ndidakwiya, koma sindimuda kwambiri. Mwamuna amene adaopa kusekedwa ndi anzake sakadalimba mtima pamaso pa amalume ake, mudzi wonse ukunena kuti mkazi wake wamutsemphera mwana.

Ankhoswe adagamula kuti banja lipitirire, popeza palibe amene adagwidwa. Koma adaika malamulo. Felesiya asadzapondenso pa benchi lija, chifukwa mkazi wokhulupirika safuna mapiritsi. Mwana amwe mankhwala a tsempho. Ndipo makolo alowe m'nyumba monga mwa mwambo, kuti mwanayo achire. Felesiya sakadakana. Kukana kukadakhala kuvomera mlandu.

Lero Felesiya ali ndi pakati.

Chikondi adamuletsa kuyamwa nthawi yomweyo, poti amati mkaka wa mayi woyembekezera umadwalitsa. Ndidamutenga, ali kwathu. Ndimamupatsa phala la nsinjiro ndi dzira, ndipo kutupa kuja kwaphwa. Tsempho limene limathawa dzira, a Jailosi alifotokoze.

Tsopano ndinene zimene ndikuganizira. Umboni wogwira m'manja ndilibe, ndipo sindinamizira kuti ndili nawo. Koma ndaphunzitsa ana kwa nthawi yaitali, ndipo ndimadziwa kusiyanitsa mwana wolakwitsa ndi mwana wochita dala. Benchi loyang'ana kumsewu si kulakwitsa. Kuitana mokweza si kulakwitsa. Mayi mmodzi akachititsidwa manyazi pa khonde, amayi a midzi khumi sabweranso. Amayi akapanda kubwera, mapiritsi amatsala. Akatsala amapita kuti? Ine ndidangoona khomo la kuseri ndi zikwama ziwiri. Amene muli ndi mphamvu yotsegula kabati ya mankhwala, kaitseguleni, muone ngati zimene mudatumiza zikugwirizana ndi amayi amene adathandizidwa pa khomo la kutsogolo.

Ndimaonanso china. Anzanga apantchito, aphunzitsi, akazi a alangizi ndi a makalaliki, masiku ano ali ndi ana ochepa, otalikirana, onenepa. Amati ndi chisomo cha Mulungu. Mwina. Koma chisomo chimenechi chikuoneka kuti chimadziwa khomo lolowera. M'midzi zinthu zili mwina. Amayi anga adabereka ana ambiri, koma ambiri adawaika m'manda asanayambe kuyenda, ndipo munda udatikwanira otsalafe. Lero kuli katemera, ana akukhala ndi moyo, ndipo ndikuthokoza. Koma munda sudakule. Munda wa amayi anga uja taugawa mpaka mizere tikuiwerenga ndi zala. Kusukulu kwanga ana a sitandade wani sakwana m'kalasi, ndimawaphunzitsira pansi pa mtengo, ndipo akumbuyo samandimva. Atsikana amasiya sukulu kuti akalere ang'ono awo. Akuluakulu ena amati mudzi ndi anthu. Ndikuvomera. Koma mayi nayenso ndi munthu, ndipo akafa mudzi umachepa ndi mmodzi, ana amasiye n'kuchuluka ndi asanu.

Ndikufuna mayankho. Kodi adalamula kuti benchi la kulera liyang'ane kumsewu ndani? Kodi lamulo loti mwamuna abwere yekha limagwira amayi onse, kapena okhawo oyenda opanda nsapato? Kodi wosesa adapatsidwa liti udindo wonena matenda a mwana? Ndipo a Chidothi atiuze kuti kutali kumene mafunso anga andifikitse ndi kuti, kuti ndikonzeretu katundu.

Ndikufunanso chinthu chimodzi chimene sichilira ndalama. A Chidothi apite kumudzi kwa Felesiya masana, aime pamaso pa ankhoswe ndi pamaso pa Nangozo, anene ndi mawu okweza omwe aja kuti funso lawo lidalibe maziko. Mimbayo sangaibweze. Koma dzina la mwana wanga angathe kulitsuka.

Amayi anzanga, mpaka zimenezi zitakonzeka, musatumize mwana wanu kumeneko tsiku la sikelo. Musamulole kukhala pa benchi limenelo. Akakufunsani funso pa khonde, nenani kuti mukayankhira m'kati, ndipo musasunthe.

Amene adalipo tsiku limenelo ndi awa, kuti pasadzapezeke wonena kuti nkhaniyi ndaipeka:

A Chidothi, amene adafunsa funsolo.

A Jailosi, amene adaliyankha.

Mayi Tembo, anamwino, amene adamva zonse ali pa sikelo, osanena kanthu.

Akazi a alangizi a zaulimi, ndi mayi wa nsapato zazitali uja, amene dzina lake ndikulifufuza.

Nangozo, mlamu wake wa Felesiya.

Amayi a sikelo, amene ambiri a iwo ndidawaphunzitsa kulemba maina awo, ndipo ndikuwadziwa mmodzimmodzi, oseka ndi osaseka omwe.

Chikondi, amene adali kumbuyo kwa mayi ake.

Ine, Edina Kamwendo.

Ndi Felesiya. Mwezi wake ndi wa masika. Mukafuna umboni wake, bwerani mudzamufunse nthawiyo isanakwane. Dokotala wa ku Lilongwe sadatilonjeze kanthu.