Masiku anayi amene mwana wanga sanabaye jakisoni

Ndikunenetsa, palibe chimene ndawonjezera pa nkhaniyi, ndipo mkazi wanga alipo, angandichitire umboni ngakhale sakonda kuikamba.

Ine ntchito yanga ndi yonyamula katundu wa alendo okwera phiri kuchokera pa Likhubula, ndipo ndimakhala chikamwini kwawo kwa mkazi wanga. Mwana wathu wamkazi anamupeza ndi matenda a shuga ali sitandade 3, shuga uja wofuna jakisoni m'mawa ndi madzulo, ndipo poti filiji tilibe, mankhwalawo tinkasunga mumtsuko wa mchenga wonyowa. Mwiniwakeyo anazolowera, ankadzibaya yekha pantchafu uku akucheza, oyang'ana kumbali tinali ife akuluakulu.

Tsiku lina alamu anga, atsibweni ake a mwanayo, anabwera kuchokera kutauni ndi botolo la makapisozi obiriwira, lolembedwa Chingerezi mbali zonse, nkunena kuti ndi chakudya chowonjezera chopangidwa ndi masamba, chimatsuka shuga m'magazi mpaka kutheratu. Anati kubaya mwana tsiku ndi tsiku ndi nkhanza, jakisoni ayambe waima kuti makapisoziwo agwire bwino ntchito. Ine mtima unakana, ndisaname, chifukwa anamwino anatichenjeza kuti asadumphitse ngakhale tsiku limodzi. Koma mkamwini ungatsutse mwini mbumba pakhonde la apongozi ako, anthu onse akumva? Ndinangoti tiona, yankho la munthu wamantha, m'mawa mwake nkusenza chikwama cha alendo ulendo wa ku Chambe.

Kuphiri ndinakhalako masiku anayi. Nditatsika ndinapeza mwana ali gone pamphasa masanasana, maso atalowa m'kati, milomo itauma gwa, akupuma mozama ngati munthu wokwera chitunda ndi mtolo wa matabwa, ndipo m'kamwa mwake munkatuluka fungo la nanazi woola. Mayi ake anandiuza kuti wakhala akungomwa madzi ndi kukodza, kenako kusanza, koma atawaimbira foni achimwene awo anawayankha kuti asade nkhawa, ndiye kuti matenda akutuluka, amuwonjezere makapisozi awiri. Ndinamuitana mwanayo katatu, osayankha, ndinamugwedeza, mutu nkungogwera kumbali. Abale anga, mantha ngati amenewo sindinawamvepo.

Ndinamubereka kumbuyo nkuthamangira kumsewu. Katundu wolemera ndasenzapo wambiri, koma palibe amene anandilemera ngati mwana uja, wopepuka choncho, mpweya wake wotentha ukundiwomba pakhosi. Kuchipatala atamuyeza chala, kamakina koyezera shuga kanalephera ngakhale kuonetsa nambala chifukwa shuga anali atakwereratu. Adokotala anafunsa kuti jakisoni anabaya liti komaliza, mkazi wanga nkuwauza kuti papita masiku anayi. Nditawapatsa botolo lija analitembenuza, nkunena kuti mwina ndi ufa wa masamba chabe, koma thupi la mwana wotere silipanga lokha chimene chili mujakisoni, ndiye ngakhale atameza botolo lonse sizingalowe m'malo mwake.

Anamuika madiripi, anayesetsa, zimenezo ndinaona ndi maso angawa. Koma sanatsegulenso maso, ndipo tsiku lachitatu m'mawa anatisiya.

Pamaliro alamu anga ndiwo analira kwambiri, ndipo sindikuti ankanamizira, mwanayo ankamukonda. Ena ankanong'onezana kuti ndi ufiti, akuti anthu ankachita nsanje ndi ntchito yanga ya azungu. Ufiti wanji? Ine ndikudziwa chimene chinachitika, ndipo ngakhale alamuwo ndimawakwiyirabe, ndimadzikwiyira kwambiri ndekha, chifukwa pakhonde paja amene ndinkadziwa zoona ndinali ine.

Ndiye inu amene muli ndi mwana wa shuga, wina akabwera ndi botolo lokongola nkumati jakisoni aime, kaya ndi atsibweni, kaya ndi akumpingo, kanani mokweza, ndipo botololo kaonetseni kaye kuchipatala. Akuneneni wamwano, akupirikitseni pamudzi ngati akufuna. Ine ulemu wanga ndinausunga, mpaka lero pamudzi pano amanditama kuti ndine mkamwini wofatsa, koma mwana ndilibe.