Msana wa Amayi Unadikira Atsibweni

Amayi ankalima ngati munthu wopanda vuto. Akawerama ndi khasu pamzere, ululu unkachoka. Koma akati aweramuke ayende chilili, miyendo inkachita dzanzi mpaka kukhala pansi. Popita kutchalitchi ankapuma pamwala uliwonse wa m'njira, ndipo anzawo ankawaseka kuti matenda awo ndi ochenjera, amadziwa Lamulungu. Inenso zinkandizunguza mutu, chifukwa chitunda ankakwera bwino, koma kutsetsereka ndiye kunali misozi.

Zinali zaka zija titangoyamba kuvotera zipani zambiri, ine ndili ndi mwana woyamba kumsana. Amuna anga anawakweza amayi panjinga mpaka pa Malomo, kenako tinakwera matola kupita kuchipatala chachikulu mumzinda. Atawajambula, tinaonana ndi dokotala wina wochokera kunja amene anangobwera kudzathandiza kwa kanthawi. Namwino ndiye ankamasulira. Dokotalayo anati njira imene mitsempha imadutsa m'mafupa a msana, cha m'chiuno, yachepa ndi ukalamba. Munthu akawerama imatseguka pang'ono, n'chifukwa chake khasu linkawakomera. Anati ena amang'amba msana kwambiri, koma iye amangocheka pang'ono, ngati kutalika kwa chala, n'kupala fupa lopanikizalo. Sanalonjeze kuti adzathamanga, koma kuyenda chilili mwina kukanatheka.

Amayi anafuna, ndinaona nkhope yawo. Koma anati mpeni sungakhudze thupi lawo mlongo wawo asanamve. Atsibweni angawo, mwinimbumba wathu, anali tenanti pa esiteti ya fodya ku Kasungu. Namwino anayesa kuwauza kuti kudinda chala kwa iwo eni n'kokwanira.

"Mwanawe," anatero amayi, "ndikakafera pabedi pomwepo, mlandu udzagwera mkamwini wangayu, kuti anaba mlongo wa eni n'kukamuphetsa. Mwana wanga banja lidzamuthera chifukwa cha msana wanga?"

Tinabwerera kumudzi. Uthenga tinapatsira woyendetsa lole wina pa Mponela. Koma inali nyengo yothyola ndi kusoka fodya, ndipo tenanti sachoka fodya akupsa m'munda, ngakhale anene kuti mlongo wake akudwala. Tinadikira.

Masiku amenewo ndi amene ndimawasowa kwambiri. Amayi anasanduka mtsikana. Tikamatong'ola chimanga ankandifunsa ngati munthu wochitidwa opaleshoni amasenzanso ndowa, ngati chipsera chake chimaoneka posamba kumtsinje. Ankawerengera kumene adzapite akachira: kuseri kwa phiri kwa mnzawo amene anavinidwa naye limodzi, kumsika kukasankha okha chitenje m'malo motuma ine wosadziwa maluwa. Chikalira chilichonse kumsewu ankatukula mutu.

Atsibweni anafika atamaliza kudinda mabelo, ataonda, manja ali bii ndi utomoni wa fodya. Uthenga anaulandira kale, koma bwana anawakaniza. Asanamwe n'komwe madzi anati, "Alongo, mumadikira ine? Ndikanakana bwanji? Pitani akakuchekeni."

Amuna anga anapita kuchipatala kukafunsa tsiku la opaleshoni. Anabwera madzulo akukankha njinga, osakwera. Dokotala uja anali atabwerera kwawo. Otsalawo anati iwo amachita opaleshoni yaikulu yokha, ndipo pamsinkhu wa amayi sakanalimbikitsa. Anangopereka mapilitsi, n'kunena kuti mwina adzabweranso.

Amayi sananene kanthu koipa kwa mlongo wawo. Anawaphera nkhuku, n'kuwaperekeza mpaka pamwala woyamba. Kwa zaka ndithu, aliyense wochokera mumzinda ankamufunsa ngati dokotala wocheka pang'ono uja wabweranso.

Mwana wanga anaphunzira kuyenda atagwira chala chawo. Poona agogo ake, nayenso ankayenda chowerama, kadzanja kali m'chiuno, anthu n'kumaseka. Amayi sankaseka. Ankamuika chikhatho pamsana, n'kumuwongola pang'onopang'ono.

"Iwe imirira bwino. Wako ulibe kanthu."